Kachitseko Kopindika ka Kamera ya a Kamodzinso

Nthawi inali itangodutsa eyiti koloko m'mawa wa Lachisanu, ndipo a Kamodzinso anali atakhala kale pa makina awo osokera. Ankapinda mpendero wa siketi ya sukulu, ntchito yoti masiku ena amaigwira uku akucheza, koma tsiku limeneli ulusi unkangoduka. Akaulowetsa pa singano, n'kuponda pang'ono, thaphu, waduka. Sanaukwiyire ulusiwo, ankadziwa kuti vuto silili pa ulusi. Maso awo ankangothawira pa shelefu ya pamwamba pomwe panali katoni ya nsapato. M'katonimo munali kamera yawo, yokulungidwa m'thaulo ngati mwana wodwala.

A Kamodzinso ndi telala kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu. Loweruka ndi Lamulungu amatseka shopu n'kukoleka kamera m'khosi, kukajambula maukwati, ana omaliza sukulu, ndi mabanja ofuna chithunzi chopachika pakhoma. Dzinali anawapatsa ndi makasitomala awo, chifukwa sakhutira ndi chithunzi chimodzi. Anthu aima padzuwa, mano auma ndi kumwetulira, iwo ali, "Kamodzinso! Agogo mwatsinzina. Kamodzinso!" Lero ngakhale amuna awo amawaitana choncho.

Ine ndimagulitsa sopo, mafuta odzola ndi matewera pa shopu yoyandikana ndi yawo. Chotilekanitsa ndi thabwa lopyapyala, moti iwo akayetsemula ine ndimati pepani. Mwana wanga akagona masana ndimakamugoneka pa mulu wa nsalu kuseri kwa makina awo. Ndiye zimene ndikulembazi zambiri ndinaziona ndi maso, zina anandiuza eni ake.

Kujambula anakuyamba mosayembekezera. Ankajambula madiresi amene asoka kuti azionetsa makasitomala, pa kakamera kakang'ono kamene anawasiyira alongo awo. Mkwatibwi wina ataona zithunzizo anati, "Diresi lopanda munthu mwalijambula bwino chonchi, bwanji mudzalijambule ine ndili momo?" Zinayambira pamenepo. Kakamera kaja kanabedwa pa ukwati wina, atakaika pa mpando kuti akonze velo ya mkwatibwi. Anakhala zaka akusoka mayunifolomu, kudzimana ngakhale nsapato, mpaka anagula kamera yeniyeni, yolemera, ya diso lochotseka. Tsiku limene anaigula sanapite nayo kunyumba, anayamba adzera ku ofesi ya kampani ya inshuwalansi. Amuna awo, amene amawotcherera zitsulo, anaseka mpaka kugwira nthiti. "Ine ndimasewera ndi moto tsiku ndi tsiku, ndilibe inshuwalansi. Iwe ukuikira inshuwalansi chinthu chongolendewera m'khosi?" Koma a Kamodzinso sanadumphitseko mwezi. Zinthu zikathina ankalolera kuti kunyumba magetsi adulidwe, bola kamera ikhale yotetezedwa.

Analinso ndi lamulo lawo lina limene anzawo ojambula ankawaseka nalo. Zithunzi zonse zimasungika pa kakhadi kakang'ono ngati chikhadabo cha chala chachikulu, kamene kamalowa pambali pa kamera, kuseri kwa kachitseko. Ojambula ambiri akamaliza ntchito amatulutsa kakhadiko n'kukaponya m'thumba, kuti kamera ikabedwa zithunzi zitsale. Iwonso kale ankatero, mpaka tsiku lina kakhadi ka ukwati wathunthu kanagwera m'basi kudzera m'thumba lobooka. Mayi a mkwatibwi anabwera kudzawanyoza pakhomo pa shopu, msewu wonse ukumvetsera. Kuyambira pamenepo anati kakhadi sikatulukira panja. Kamatuluka akafika kunyumba, atapukuta tebulo, atasamba m'manja, chitseko chili chotseka.

Lamulo limeneli ndi limene linawapanikiza sabata imeneyo.

Lamulungu lapitalo anaitanidwa kukajambula bambo ena achikulire amene anayendetsa basi moyo wawo wonse. Achipatala anali atawatulutsa kuti akapumulire kunyumba, ndipo ana awo onse anasonkhana, ena ochokera kutali, koyamba pa zaka zambiri. Agogowo chibadwire sankafuna kujambulidwa. Ankati foni imatalikitsa munthu mphuno. Tsikuli anavomera, koma anaika malamulo awo: ametedwe ndevu, avale jekete, ndipo mafoni onse akaikidwe m'beseni kukhitchini. "Ndijambulidwe ndi kamera yeniyeni, nditakhala tsonga." A Kamodzinso anawajambula pa mpando pafupi ndi windo, poyamba okha, kenako ndi ana, kenako ndi zidzukulu. Atanena mawu awo aja a nthawi zonse, agogowo anaphulika kuseka, ndipo pomwepo iwo anadina.

Pobwerera, akuwoloka msewu pafupi ndi pokwerera basi, njinga yamoto inatulukira kuseri kwa lole. Sinawagunde, inangokola lamba wa chikwama. Chikwamacho chinathothoka paphewa, chinakhwekhwerezeka pa tala, ndipo tayala la lole linachiponda m'mbali. Iwo anangosupuka chigongono. Kamera ndiye inatheratu. Diso linasweka, mbali imodzi inalowa m'kati, kachitseko ka kakhadi kanapindika n'kukanirira, chala osatheka kukatsegula. Kuyesa kuyatsa, zii.

Lolemba anaimbira kampani. Mtsikana woyankha foni anati atumize zithunzi za kamerayo mbali zonse, ndipo anatumiza. Kenako anawauza mobwereza: "Mayi, musaitsegule, musaipereke kwa wokonza aliyense, musachotsepo kanthu. Mukatero kampani silipira. Munthu wathu abwera Lachisanu kudzaiona n'kuitenga." A Kamodzinso anati chabwino. Anaimbira banja lija kupepesa kuti zithunzi zichedwa. Panalibe chothamangira.

Lachinayi m'mawa agogo aja anamwalira.

Ndiye Lachisanulo, ulusi utadukanso, pakhomo panaima mwana woyamba wa malemu, mayi wamsinkhu ngati wa a Kamodzinso, maso ali psuu ndi kulira.

"Odi, a telala."

"Lowani, mayi, lowani. Pepani ndi zovutazi, ndinamva dzulo."

Mayiyo anakhala pa benchi ya makasitomala, chikwama chili pamiyendo. "Kuika ndi mawa m'mawa. Tikufuna chithunzi choimika pabokosi, ndi choika pa mapepala ogawira anthu. Kotsukitsa zithunzi andiuza kuti ndikafika dzuwa litapendeka sandilandira, ntchito zawachulukira."

A Kamodzinso anasiya kuponda makina. "Mulibe china chilichonse? Ngakhale cha pa foni?"

Mayiyo anatulutsa foni n'kuwaonetsa. Agogo ali chagada pa bedi la chipatala, kapaipi m'mphuno, kukamwa yasa. "Ichi achimwene anachita kuba iwo ali mtulo. China ndi cha pa laisensi, chofufutika, akadali mnyamata. Ndiimike ichi pamaso pa anthu? Munthu anameta ndevu, anavala jekete, anatiuza kuti mudzandikumbukire chonchi. Munalipo inu."

A Kamodzinso anatsitsa katoni ija, kufunyulula thaulo, n'kufotokoza zonse: kachitseko, kakhadi, mawu a mtsikana wa pa foni. Mayiyo anaiyang'ana kamerayo nthawi yaitali.

"Koma iyi yafa kale. Mukuopa kupha chinthu chakufa?"

"Ndikaitsegula sandipatsa ina, mayi. Ndipo ina yogula ndekha, pa msinkhu wangawu, ndi maso amene ayamba kuvuta pa singanowa, sindidzaigulanso."

Apa n'kuti Waya atasuzumira kale. Waya amakonza mafoni tsidya lina la msewu, ndipo nkhani ikamachitika m'shopu ya wina makutu ake amayabwa. Lolemba lija anali atayesa kulumikiza kamerayo ku kompyuta yake ndi chingwe, osatsegula kanthu, koma kamera yakufa sinayankhe.

"Anti, ndipatseni kuno. Ndiitsegula, titulutsa, ndimatanso ndi guluu. Ngakhale amene anaipanga sangadziwe."

"Iwe Waya, foni yanga unaimata ndi guluu wakoyo, mpaka lero ndikaimba anthu amati ndili m'chidebe."

"Imene ija inabwera ili kale m'chidebe, Anti."

"Ndinatumiza zithunzi za mbali zonse. Mng'alu uliwonse akuudziwa. Ukamata aona, ndiye ndidzakhala ndaluza kamera, ndaluzanso dzina, wakuba ndi wabodza. Ayi. Tidikire munthu wawoyo. Ndimupempha atsegule yekha, kapena andilole nditsegule iye akuona. Ndi munthu, ali ndi bambo ake nayenso."

Anadikira. A Kamodzinso anabwerera pa makina, koma siketi ija anaisoka mokhota mpaka anaiphwasulanso. Foni ya mayi wofedwa uja inkangolira, achimwene ake kufunsa, azakhali kufunsa. Iye ankangoyankha kuti, "Ndikadali konkuno." Galimoto iliyonse ikaima panja onse ankadzutsa mitu. Kasitomala wina anabwera ndi thalauza lofuna zipi, ataona nkhope za anthu anabwerera chamsana. Mthunzi wa khonde unkafupika, kufupika.

Kenako inalira foni ya a Kamodzinso. Anali amuna awo, kumbuyo kukumveka phokoso la chitsulo. Nkhani inali itawapeza kale, ndipo palibe anafunsa kuti wawauza ndani chifukwa Waya anayang'ana kudenga.

"Usaikhudze, wamva? Zaka zonsezi takhala mu mdima chifukwa cha inshuwalansi yakoyo, lero ikufuna kulipira iwe ukaitaye? Maliro adutsa mawa. Ife titsala."

"Si inu munkaiseka?"

"Ndinkaiseka isanandidyere ndalama. Usaikhudze."

Amunawo anadula foni. Mayi wofedwa uja anamva zonse, poti m'shopumo mulibe pobisalira. Anangoweramitsa mutu n'kumapotokola lamba wa chikwama chake.

Bambo wa inshuwalansi anafika dzuwa lili paliwombo, wapansi, nsapato zili mbuu ndi fumbi, tayi atamasula. Anali wachinyamata, waulemu, ndipo anapepesa kuti anayamba wadzera kwa munthu wina amene madzi analowa m'sitolo mwake. Ine apa n'kuti nditalowa ndi mwana kumsana kuti ndimugoneke, ndipo nditaona mmene zinalili ndinangoima pakhomo.

Bamboyo anaitenga kamera ija, kuitembenuza uku ndi uku, kuyerekeza ndi zithunzi za pa foni yake, kuwerenga nambala ya pansi. Ataigwedeza, m'kati munalira ngati machesi m'bokosi.

"Iyi siyokonzekanso, mayi. Mmene ndikuonera ine akupatsani ina. Koma mawu omaliza ndi a amisiri athu." Anatulutsa thumba la pulasitiki lochindikala, la kukamwa komata, loti likatsekedwa silitsegukanso osaling'amba.

A Kamodzinso anayang'ana thumbalo. Mawu akuti akupatsani ina anali atawadikira sabata yonse, ndipo anabwera pa nthawi yoti sakanatha kuwasangalalira.

"Bambo, musanatseke. Muli kakhadi m'katimo. Awa mukuwaonawa bambo awo amwalira dzulo, kuika ndi mawa. Chithunzi chawo chabwino chili momo, kwina kulikonse kulibe. Tsegulani inuyo kachitsekoka, mutenge kamera, mutisiyire kakhadi."

Bamboyo anatembenukira kwa mayi wofedwa n'kupepesa. Kenako anapukusa mutu. "Ine sindiloledwa kutsegula. Ntchito yanga ndi kuona, kujambula, kutseka m'thumba. Kakhadi amisiri akakapeza amakabweza."

"Liti?"

"Akamaliza kuyeza. Mwina mwezi uno usanathe, mwina wamawa."

"Amwene, mwezi wamawa maliro ake ati?" anatero Waya. "Mukufuna agogo adikire amisiri?"

"Khala chete iwe," anatero a Kamodzinso. "Bambo, imbirani akuluakulu anu. Auzeni kuti ine ndikupempha."

Bamboyo anatuluka panja n'kuimba. Tinkamuona pa windo akuyenda uku ndi uku, dzanja lina likulankhula nawo. Anabwera kudzati bwana ali pa msonkhano. Anadikira, anatulukanso. Ulendo uno analankhula nthawi yaitali, ndipo pobwera ankayang'ana pansi.

"Akana. Akuti lamulo ndi limodzi kwa onse. Mayi, musaone ngati ndi nkhanza chabe. Alipo anthu amene kamera ikangokalika pang'ono amaimalizitsa ndi hamala kuti alandire yatsopano. Ndiye kampani inati chilichonse chokhudzidwa ndi chitsulo ngozi itachitika kale, sitilipira. Ine ndawauza kuti iyi ndaiona, inatha kale. Akuti amisiri sanaione."

"Nanga nditatsegula inu mukuona?"

"Sindingakuuzeni kuti tsegulani. Sindingakugwireninso manja, kamera ndi yanu mpaka italowa m'thumbamu. Koma mukatsegula ndikalemba kuti mwatsegula. Kubisa sindingabise, ntchito ingandithere."

Mayi wofedwa uja anayang'ana panja, pomwe mthunzi unali utayamba kutulukira mbali ina ya khonde. Sanalire, sanachonderere. Anaimirira n'kukoleka chikwama paphewa.

"Basi, a telala. Musadzivute. Sindingakulandeni chodyera chifukwa cha pepala la tsiku limodzi. Tiika cha kuchipatala chija, tiuza otsukawo adule kapaipiko ngati n'kotheka."

Anayamba kulowera kukhomo, ndipo ine ndinapatuka kuti adutse. Bambo wa inshuwalansi anatsegula kukamwa kwa thumba lija.

A Kamodzinso anandiuza pambuyo pake kuti pa nthawiyo sankaganiza za chifundo kapena za Mulungu. Ankaganiza za kagalasi ka kuseri kwa kamera. Lamulungu lija atangodina anasuzumirapo kamphindi, monga amachitira nthawi zonse, n'kuona agogo aja akuseka, kuwala kwa pa windo kutagwera tsaya limodzi, kolala ya jekete ili chilili. Pa anthu onse a pansi pano, chithunzicho anali atachiona ndi iwo okha. Ngakhale mwini wake sanachione. Ndipo anadziwa kuti chikalowa m'thumbalo, mawa anthu adzadutsa pabokosi akuyang'ana munthu wa kukamwa yasa, iwo ali pa makina kudikira kamera yatsopano.

"Mayi, dikirani."

Anachotsa nsalu zonse pa tebulo lodulira, n'kuyalapo kansalu koyera. Anatenga kamera m'manja mwa bambo uja n'kuigoneka chammbali, kachitseko kali m'mwamba.

"Waya, ima apo pakhoma, manja m'thumba. Pasadzapezeke wonena kuti wokonza anaikhudza. Bambo, yatsani foni yanu mujambule zonse, kuyambira pano mpaka pomaliza. Ndikutsegula ndine, kachitseko kokha."

"Mayi, ndakuuzani momveka."

"Mwandiuza, ndipo ndamva. Jambulani."

Anayamba ndi kachitsulo kophwasulira ulusi. Analowetsa nsonga yake mu mpata wa kachitseko n'kukanikiza pang'onopang'ono. Nsongayo inathyoka, thobo, n'kuulukira pansi pa makina. Anapukuta manja pa epuloni. Anatsegula kabati ya makina n'kutulutsa kasikuludiraiva kamene amamangira singano.

"Osati pamenepo, Anti!" Waya anafuula, manja akuvinavina m'matumba. "Pamenepo mubaya khadi. Cha kumahinjesiko, kumunsi."

Anasunthira kumunsi. Thukuta linkatsika pamphuno n'kudonthera pa kansalu koyera. Anakanikiza, pulasitiki inalira ngati ikudandaula, koma osasuntha. Anakanikizanso ndi mphamvu, chitsulo chinaterereka n'kuwacheka chala chachikulu. Mayi wofedwa anagwira pakamwa. A Kamodzinso anangoyamwa chalacho, kuchikulunga ndi kachidutswa ka nsalu, n'kubwereranso pomwepo. Mwana wanga anayamba kulira kumsana, ine kumugwedeza maso ali patebulo.

Ulendo wachitatu kachitseko kanathyoka pakati, khwaa. Chidutswa chimodzi chinatsalira, china chinagwera pa nsalu. M'katimo munaoneka msana wa kakhadi, kabuluu.

Kakhadi kabwinobwino ukakadina kamadumphira kunja kokha. Aka anakadina, osatuluka. Anakadinanso, kali nji.

"Musakoke ndi pulayasi, muthyola," anatero Waya, mawu atatsika tsopano.

A Kamodzinso anatenga kachitsulo kopanira kamene amazulira nyenyeswa za ulusi. Anagwira msana wa kakhadiko, kukagwedezera kumanja, kumanzere, pang'ono ngati akuzula dzino la mwana. Kanayamba kusuntha. Kanatuluka theka, kanakana, kenako kanasolokoka konse. Ngodya imodzi inali yobenthuka.

Palibe anaomba m'manja. Waya anathamangira tsidya lina n'kubwera ndi kompyuta yake, anaiika pamwamba pa makina osokera n'kulowetsa kakhadiko. Tinadikira. Palibe chinaoneka.

"Sikakuwerengeka," anatero.

A Kamodzinso anakhala pa mpando. Kamera yapita, chithunzi palibe. Bambo wa inshuwalansi anatsitsa foni yake n'kuyang'ana kumbali.

Waya anakatulutsa, kukapukuta timizere take tagolide ndi kansalu, kukawongola pang'ono ndi chikhadabo, n'kukalowetsanso, ulendo uno atakapanikiza ndi chala kuti kasagwedere. Kompyuta inaganiza, inaganiza. Kenako panayamba kutuluka timabokosi totuwa, kamodzikamodzi.

Choyamba kutseguka chinali cha zidzukulu. Pamwamba mitu ya ana inkaoneka, kumunsi konse kunali mizeremizere yobiriwira. Chachiwiri chimodzimodzi. Chachitatu chinakaniratu.

"Pita kumayambiriro," anatero a Kamodzinso. "Ndinayamba ndi iwo okha."

Waya anabwerera m'mbuyo ndi dzanja limodzi, lina likadali pa kakhadi. Chithunzi chinayamba kutsika kuchokera pamwamba. Windo. Imvi zopesedwa bwino. Chipumi. Tonse tinkadikira pomwe mizere yobiriwira iyambire. Maso otsinzina pang'ono ndi kuseka, mano, chibwano chometedwa, kolala, mabatani a jekete, mpaka manja ali pa mawondo. Chathunthu.

"Ababa," anatero mayi uja, n'kukhala pansi pa simenti pomwepo. Apa ndiye analira.

"Mulire muli m'njira, mayi, dzuwa likupita," anatero a Kamodzinso. "Waya, koperera pa fulashi msanga chala chako chisanatope."

Zithunzi zabwino zinapezeka zochepa, koma chofunikacho chinalipo, ndi china cha agogo ali ndi ana awo onse. Mayiyo anafumbata fulashi yokhala ndi zithunzi ija, anagwira dzanja la a Kamodzinso lomangidwa nsalu lija, n'kutuluka chothamanga kukaimitsa galimoto.

Bambo wa inshuwalansi anatola zidutswa za kachitseko chimodzichimodzi, ngakhale kakang'onong'ono, n'kuziika m'thumba pamodzi ndi kamera. Anamata kukamwa kwake.

"Ndikalemba zonse ziwiri, mayi. Kuti inali itatheratu musanaikhudze, ndiponso kuti mwaikhudza nditakuchenjezani. Zimene ndajambulazi ndikapereka. Kupitirira apo si mphamvu yanga."

"Zikomo, bambo. Mwayenda wapansi, imwani madzi."

Anamwa, anatsanzika. A Kamodzinso anabweza katoni yopanda kanthu pa shelefu n'kukhalanso pa makina. Siketi ija anaimaliza dzuwa likulowa.

Amuna awo anakhala masiku osawalankhula. Sabata yotsatira kampani inaimba kuti pempho lawo lakanidwa, chifukwa katundu anatsegulidwa ndi chitsulo amisiri asanamuone. Ntchito ya ukwati umodzi a Kamodzinso anaibweza. Wina anaujambula ndi kamera yobwereka kwa mnzawo, imene mwini wake anaiperekeza mpaka ku holo n'kumaima kumbuyo kwawo ngati mlonda. Banja lofedwa lija linabweretsa chithunzi cha agogo chili m'felemu kuti achione, ndipo iwo anachiyang'ana n'kunena kuti otsukawo anachidetsa pang'ono.

Bambo wa inshuwalansi uja anaimbanso payekha. Anati nkhani yokanidwa munthu amatha kukaidandaula pamaso pa akuluakulu, ndipo zimene anajambula zija zingathandize, koma pafunikanso mboni imene inalipo, yosakhala mbale, yosakhalanso wokonza zinthu. Sanalonjeze kuti zitheka.

Dzulo masana ndikukagoneka mwana pa nsalu paja, a Kamodzinso anaimitsa makina.

"Mng'ono wanga, Lachiwiri ndikupita ku ofesi kuja kukadandaula. Waya sangaimire umboni, ndipo ngakhale akanaloledwa akanakawonjezera zake mpaka lole ikanasanduka sitima. Mayi aja akadali pa chisoni, sindifuna kuwavutitsa. Watsala ndiwe. Utseke shopu m'mawa wokha, sopo sathawa. Mwana umutenge, akalira ndimunyamula ine. Akakufunsa usakandikometsere, usakanene kuti kachitseko kanatseguka kokha. Ukanene kuti unaiona ili yophwanyika kale, ukanenenso kuti ndinaitsegula ndine, ndi kasikuludiraiva ka makina, munthu wawo akujambula. Upita nane?"